Dar es Salaam: Kuchokera pa Chipanda Kufika pa Kompyuta

Kwa Amalawi ambiri dzina la Dar es Salaam limatanthauza doko. Ndi kumene kumatsikira gawo lina la feteleza ndi mafuta amene timagwiritsa ntchito, ndi kumene anthu amakatenga galimoto zochokera ku Japan, ndiponso ndi kumene amayi ageni amakapikula zitenje, nsapato ndi ziwiya. Dziko lathu lili ndi malo akeake osungirako katundu mumzindawu, otchedwa Malawi Cargo Centres. Koma pali katundu wina amene wakhala akuyenda pakati pa gombe limeneli ndi midzi yathu kwa zaka zoposa 100 popanda kulembedwa m'mabuku a kasitomu. Katunduyo ndi nyimbo, magule ndi zipangizo zoyimbira. Nkhani ino ikukutengerani kumeneko, inu alimi, alangizi ndi onse ogwira ntchito zachitukuko m'midzi, chifukwa zimene zikuchitika m'misewu ya mzindawu zikukhudza achinyamata athu, mitengo yathu ndi nyimbo za makolo athu.

Wochokera ku Karonga amawoloka mtsinje wa Songwe, n'kudutsa m'minda ya mpunga ya ku Kyela, kenaka n'kukwera mapiri a tiyi ndi nthochi a ku Tukuyu mpaka pa mphambano ya Uyole pafupi ndi Mbeya. Kuchokera pamenepo msewu umaloza kum'mawa kudzera ku Makambako ndi Iringa, umatsetsereka pa phiri loopsa la Kitonga, umadula pakati pa nkhalango ya nyama ya Mikumi, n'kufika ku Morogoro ndi Chalinze. Ndi ulendo wa makilomita oposa 900. Pamene basi ikulowa mumzinda, thupi limayamba kunyowa ndi thukuta la kunyanja yamchere, ndipo khutu limadzaza ndi phokoso la minibasi zotchedwa daladala, njinga zamoto, mabajaji a matayala atatu, kuitana kwa ku mzikiti, ndi masipika a pafupifupi sitolo iliyonse.

Mzindawu adauyambitsa ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1860, pafupi ndi mudzi wa asodzi wa Mzizima. Dzina lake ndi la Chiarabu, ndipo limatanthauza malo a mtendere. Ajeremani adausandutsa likulu la dziko lawo la atsamunda mu 1891. Lero likulu la Tanzania ndi Dodoma, koma malonda ndi zoyimbayimba zidatsalira konkuno. Kalembera wa mu 2022 adapeza anthu oposa 5 miliyoni mumzindawu. Eni ake amautcha Bongo, kuchokera ku liwu loti ubongo, lomwe m'Chiswahili ndi m'Chichewa tanthauzo lake ndi limodzi. Amati wofuna kukhala kuno ayenera kugwiritsa ntchito mutu. Mawu amenewa amaonekera bwino kwambiri pa momwe anthu a kuno amapangira nyimbo.

Kariakoo ndi chiyambi cha beni

Mmalawi aliyense wofika ku Dar es Salaam amathera ku Kariakoo. Dzinali lidachokera ku gulu la onyamula katundu wa asilikali a Britain pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, lomwe linkatchedwa Carrier Corps ndipo lidali ndi msasa pamalopo. Agogo athu ambiri adagwidwa kukagwira ntchito yomweyo pa nkhondo imeneyi, ndipo kwathu ankatchedwa amtengatenga. Msika waukulu wa Kariakoo, womwe udatsegulidwa mu 1975, udapsa ndi moto mu July 2021, koma malonda a m'misewu yozungulira sadaime. M'misewu imeneyi muli masitolo odzaza ndi masipika, maikolofoni, makiyibodi, magitala ndi mawaya a mtundu uliwonse, atsopano ndi akale omwe. Panja pake pamakhala amisiri okhala pa timipando, atazunguliridwa ndi mawailesi ong'ambula, akulumikiza zimene wina adataya kuti zilirenso.

Gule wa beni, amene timamuona ku Mangochi ndi ku Machinga, adabadwira m'matauni a gombe lino m'zaka za m'ma 1890, pamene anthu ankatsanzira perete ndi mabandi a asilikali a azungu. M'dziko lomwe linkalamulidwa ndi Ajeremani mudali magulu awiri opikisana, Marini ndi Arinoti, ndipo adali ndi nthambi m'matauni ambiri. Nkhondo itatha, asilikali ndi amtengatenga adabwerera kwawo ndi gule ameneyu. Akatswiri a mbiri, monga Terence Ranger amene adalemba buku la nkhaniyi mu 1975, amaona ubale pakati pa beni, malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi mganda wa m'chigawo chapakati. Makolo athu adalibe ndalama zogulira malipenga a mkuwa. Adatenga chipanda, n'kuchiboola, n'kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude amatchingira mazira ake, ndipo lipenga lidalira. Nzeru yopanga choyimbira kuchokera ku zimene zili pafupi ndi yakale chomwecho, ndipo ndi yathu tonse.

Ilimba, zeze ndi ng'oma zoposa khumi

Wofuna kumva zoyimbira za makolo a ku Tanzania ayambire ku Kijiji cha Makumbusho, mudzi wachionetsero womwe udakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1960 m'mbali mwa msewu wopita ku Bagamoyo. Muli nyumba zomangidwa motsata luso la mitundu yosiyanasiyana ya dzikolo, ndipo magulu a ng'oma amavina pabwalo lake. Azaramo, omwe ndi eni nthaka ya dera lino, ali ndi ng'oma yaitali yotchedwa msondo, mangolongondo a pabokosi amene iwo amati marimba, ndi gule wa mdundiko yemwe amayenda mumsewu n'kumakoka aliyense, mpaka amayi kuiwala mphika pamoto.

Choyimbira chimene chimandigwira mtima koposa ndi ilimba ya Agogo a ku Dodoma. Ndi mbale wake wa kalimba kapena sansi yathu, koma ndi yaikulu, ndipo mano ake achitsulo ndi ochuluka zedi. Ena mwa mano a pakati woyimba sawakhudza n'komwe. Amanjenjemera okha anzawo akamalira, ndipo amawonjezera mawu onga a njuchi zili patali. Pa kabowo ka bokosi lake amamatapo kachikopa ka kangaude komwe kaja ka pa malipenga athu ndi pa zipanda za valimba ya ku Nsanje. Palinso zeze, wachibale wa kaligo, wokhala ndi chipanda kapena kamtondo kokutidwa ndi chikopa. Zeze wamng'ono amakhala ndi chingwe chimodzi kapena ziwiri, pamene wamkulu amatha kukhala ndi zingwe zoposa khumi.

Munthu amene adatchukitsa zoyimbira zimenezi pa dziko lonse ndi Hukwe Zawose, amene adakula akuweta ng'ombe ku Dodoma. Luso lake lidafika m'makutu a Julius Nyerere, ndipo adaitanidwa ku Dar es Salaam kukalowa m'gulu la boma la zoyimba ndi zovina. Pambuyo pake adakaphunzitsa pa sukulu ya luso ya ku Bagamoyo, tauni yakale yomwe ili kumpoto kwa mzindawu. Mu 1996 kampani ya Real World ya ku Britain idatulutsa chimbale chake chotchedwa Chibite, ndipo pambuyo pake sukulu ya nyimbo ya Sibelius Academy ya ku Finland idampatsa digiri yaulemu. Adamwalira mu December 2003. Chimene chili chofunika kwa ife n'chakuti adaphunzitsa a pabanja pake kupanga ndi kuyimba zipangizozi. Mwana wake Msafiri Zawose adapitiriza ntchitoyo. Mu 2024 mwana wake wamkazi Pendo ndi mdzukulu wake Leah adatulutsa chimbale chotchedwa Maisha pansi pa dzina loti The Zawose Queens, akutsogolera okha nyimbo pamalo amene kale ankasungidwira amuna.

Akuluakulu a ku Tanzania amakumbukiranso Morris Nyunyusa, bambo wosaona amene ankayimba yekha ng'oma zoposa khumi zochunidwa mosiyanasiyana, atazindandalika momuzungulira. Kwa zaka zambiri kulira kwa ng'oma zake ndiko kunkadziwitsa dziko lonse kuti nthawi ya nkhani yakwana pa Radio Tanzania. Anthu a m'chigwa cha Shire akamva zimenezi akumbukira likhuba, momwenso munthu mmodzi amayimba ng'oma zambiri ngati akuyimba ulimba. Funso lofunika kudzifunsa ndi lakuti, m'dera lanu atsalamo angati odziwa kuchuna ng'oma zotere, kusema bangwe, kapena kuyimba mkangala, ndipo ali ndi zaka zingati.

Mtengo umene umayimba ku Ulaya

Ku Mwenge, kumpoto kwa mzindawu, kuli msika wa osemasema, ambiri mwa iwo Amakonde. Mtengo umene amaukonda ndi mpingo, umene ife timati phingo. Kunja kwake ndi kotuwa koma mtima wake ndi wakuda bii, wolimba ndi wolemera kotero kuti umamira m'madzi. Alimi ambiri sadziwa kuti mtengo womwewu, umene ena amauwotcha makala, ndiwo umapangira zitoliro zodula za m'mabandi akuluakulu a ku Ulaya, America ndi Japan, monga clarinet ndi oboe. Phingo wambiri wa ntchito imeneyi amachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Mtengowu umakula pang'onopang'ono, ndipo pamatenga zaka 70 kapena kuposerapo kuti ufike podulidwa. Wodzala phingo amadzalira adzukulu.

Kum'mwera kwa Dar es Salaam, m'boma la Kilwa, midzi ina idagwirizana ndi bungwe la Mpingo Conservation and Development Initiative kuti izisamala yokha nkhalango zake. Anthu amalemba malire, amawerenga mitengo, amateteza nkhalango ku moto wolusa, n'kugwirizana kuchuluka kwa mitengo yoyenera kudulidwa pa chaka. Mu 2009 ntchitoyi idalandira chiphaso cha bungwe la Forest Stewardship Council, chotsimikizira ogula akunja kuti mitengoyo idadulidwa mosamala, ndipo mudzi wa Kikole ndiwo udali woyamba kugulitsa mitengo yake mwa njira imeneyi. Ndalama zimalowa m'thumba la mudzi. Kuyambira mu 2017 malonda a phingo pakati pa mayiko ali pansi pa pangano la CITES loteteza zachilengedwe zomwe zingathe kutha. Kwathu lamulo la nkhalango la 1997 limalola midzi kukhala ndi nkhalango zawo pansi pa makomiti a zachilengedwe. Komiti yomwe ikusunga phingo ndi mlombwa ikusunganso ng'oma, ulimba ndi bangwe za mawa, pakuti popanda mtengo mmisiri alibe pogwira.

Usiku wa dansi ndi situdiyo imodzi ya dziko lonse

Dzuwa likalowa, mzindawu umasintha mawu. M'mabwalo a zisangalalo a ku Ilala, Kinondoni ndi Temeke, mabandi a dansi amayimba pamaso pa anthu okhala pa mipando ya pulasitiki, akudya nyama yowotcha ndi tchipisi chokazingira m'mazira. Nyimbo imayamba modekha, magitala atatu akulukana, malipenga akuyankha woyimba, kenaka ng'oma imasintha ndipo bwalo lonse limanyamuka. Gulu la Msondo Ngoma lidayamba mu 1964 ngati bandi ya mgwirizano wa anthu apantchito, pansi pa dzina loti NUTA Jazz, ndipo mu 2024 lidakwanitsa zaka 60. Mnzake wopikisana naye, Mlimani Park Orchestra, wodziwika ndi dzina loti Sikinde, adayamba mu 1978. Mabanja ena amagawikana pa mabandi awiriwa monga momwe kwathu timagawikirana pa Bullets ndi Wanderers. M'maholo ena mumalira taarab, nyimbo za kugombe zomwe mabandi ake akale ankagwiritsa ntchito kanuni, choyimbira chonga bangwe wamkulu wa zingwe zoposa 70.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1960 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi bandi iliyonse yofuna kujambula nyimbo m'dzikolo inkapita ku situdiyo ya Radio Tanzania Dar es Salaam. Mawu a nyimbo ankayamba aunikidwa ndi akuluakulu a wailesi, oyimba ankalandira kangachepe, ndipo tepi inkatsala m'manja mwa wailesiyo. Izi n'zofanana ndi momwe zidalili ku MBC m'nthawi ya chipani chimodzi. Ubwino wake udali wakuti nyimbo za mitundu yambiri zidasonkhanitsidwa pamalo amodzi. Kuipa kwake kudali kwakuti khomo lidali limodzi, ndipo wolondera khomolo akakana, nyimbo inkafera m'kamwa. Remmy Ongala, amene adachokera ku Congo n'kufika mumzindawu mu 1978, adayimba nyimbo ya Mambo kwa Soksi yolangiza za makondomu pa nthawi imene anthu ankaopa kutchula Edzi poyera. Wailesi ya boma idakana kuiwulutsa, koma idafalikira kudzera m'madansi ndi m'makaseti. Iye adamwalira mu 2010, ndipo dera limene ankakhala limatchedwa Sinza kwa Remmy. Matepi akale a wailesiyo ndi chuma chosalimba, pakuti kutentha ndi chinyontho zimawadya, n'chifukwa chake gulu la Tanzania Heritage Project lidayamba ntchito yowasamutsira pa kompyuta.

Kiyibodi ya ana ndi mpando wothyoka

Boma litalola mawailesi a anthu wamba m'zaka za m'ma 1990, makomo adachuluka. Masitudiyo monga MJ Records ya Master Jay ndi Bongo Records ya P-Funk Majani adakuza nyimbo za achinyamata zotchedwa bongo flava. Ena mwa oyimba ake adafika mpaka ku nyumba ya malamulo: Joseph Mbilinyi, wodziwika kuti Sugu, adasankhidwa kukhala phungu wa Mbeya mu 2010, ndipo Professor Jay adapambana ku Mikumi mu 2015. Diamond Platnumz, amene nyimbo zake zimalira m'maukwati athu, adakulira ku Tandale, lokeshoni yothithikana ngati Ndirande kapena Mtandire.

Koma m'malokeshoni momwemo mudali nyimbo ina imene mawailesi ankainyoza kuti ndi ya anthu osalongosoka. Dzina lake ndi mchiriku. Achinyamata osowa ndalama zogulira magitala adatola timakiyibodi ting'onoting'ono ta Casio, tomwe tidapangidwira ana ndi ophunzira, n'kutilumikiza ku chimkuzamawu chonga cha pa msonkhano. Mawu ake amatuluka osweka, okanda m'khutu, ndipo kusweka komweko ndiko adakukonda. Pambali pake adaika ng'oma za Chizaramo, maseche, ndi kampando kathabwa komenya ndi timitengo. Gulu la Jagwa Music, lomwe lidayamba mu 1992, lidayimba chomwechi m'maukwati ndi m'zinamwali kwa zaka zambiri. Mu 2011 lidakayimba pa chikondwerero chachikulu cha Roskilde ku Denmark, ndipo mu 2012 kampani ya Crammed Discs ya ku Belgium idatulutsa chimbale chawo cha Bongo Hotheads. Azungu adalipira ndalama kudzaona kampando komwe anthu apamwamba a mumzinda wawo ankakaseka.

Nkhani yotere tili nayo kwathu. Babatoni, choyimbira cha chingwe chimodzi chomangidwa pa mtengo wautali ndi ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, adatulutsa Gasper Nali ku Nkhata Bay n'kumufikitsa kunja. A Madalitso Band, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, ankayimba m'misewu ya Lilongwe asanakayimbe mu 2017 ku Sauti za Busara, chikondwerero chomwe chimachitika ku Zanzibar, ulendo wa maola awiri pa boti kuchokera pa doko la Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo ayenda m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Mu 2020 bungwe la UNESCO lidaika luso lopanga ndi kuyimba sansi ya ku Malawi ndi mbira ya ku Zimbabwe pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Akulu adati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Situdiyo ya m'chipinda chogona

Mdzukulu wa mchiriku ndi singeli, nyimbo yomwe idamera ku Tandale ndi Manzese m'zaka za m'ma 2000. Idakulira m'michezo ya usiku wonse yotchedwa kigodoro, kutanthauza kamatiresi, ndipo Msaga Sumu amatchulidwa ngati mmodzi mwa oiyambitsa. Oyimbitsa nyimbo pa michezoyi ankadula kachidutswa ka taarab kapena ka ng'oma, n'kukabwereza mothamangitsa, wina akulakatula pamwamba pake. Mtima wa munthu wopuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi. Singeli imagunda pakati pa 200 ndi 300. Mu 2017 kampani ya Nyege Nyege Tapes ya ku Kampala idatulutsa chimbale cha Sounds of Sisso, chosonkhanitsa nyimbo zojambulidwa mu situdiyo yaing'ono ya Sisso ku Mburahati. Chaka chotsatira padatuluka Poaa ya Bamba Pana, ndipo achinyamata a m'malokeshoni amenewa adayamba kuitanidwa ku zikondwerero za ku Ulaya.

Masitudiyo ambiri otere ndi chipinda chimodzi cha lendi, mwina cha mamita atatu mbali zonse. Muli laputopu yogula kwa wina, maikolofoni imodzi, kabokosi kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, mahedifoni ndi masipika awiri. Ntchito imene kale inkafuna makina odzaza nyumba tsopano imagwiridwa ndi mapulogalamu monga FL Studio kapena Virtual DJ. Kukhoma amakhomako siponji, mabulangete kapena matiresi akale kuti mawu asamabwerere. Fani amaizimitsa pojambula chifukwa cha phokoso, choncho woyimba amatuluka ali chinyowere ngati wachokera kudimba. Nyimbo ikatha madzulo, usiku womwewo imakhala itafika m'mafoni a oyendetsa njinga zamoto. Pa chipinda chimodzi chotere pamadyera anthu angapo: wojambula, woyimba, wovina, wojambula kanema, wobwereketsa masipika ndi mayi wogulitsa chakudya pakhomo.

Walira mvula walira matope. Michezo ya usiku wonse imasowetsa tulo odwala ndi ana a sukulu, ndipo makolo amadandaula ndi atsikana aang'ono opezeka kumeneko pakati pa usiku. Bungwe la boma loona za luso, BASATA, laletsapo nyimbo zina chifukwa cha mawu ake. Phokoso lopitirira muyeso limaononga makutu, ndipo khutu likafa silidzukanso. Vuto lina ndi la umwini. Nyimbo yoyenda pa memore khadi ndi pa WhatsApp imatchuka msanga, koma mwini wake amatha osaonapo kanthu. Tanzania idakhazikitsa bungwe la COSOTA potsatira lamulo la 1999, pamene kwathu COSOMA idayamba ntchito mu 1992. Mabungwewa amathandiza amene adalembetsa ntchito zake, ndipo achinyamata ambiri a kumudzi sadziwa n'komwe kuti khomo limeneli lilipo.

Zimene tingatengeko

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo kochokera ku Bongo n'kakuti chipangizo chojambulira chili kale m'thumba la mlangizi aliyense. Foni yamakono imajambula mawu omveka bwino ngati mwini wake atsata zinthu zochepa. Sankhani nyumba yofolera ndi udzu kapena chipinda chokhala ndi makatani ndi matumba a chimanga, chifukwa malata ndi makoma osalala amabweza mawu. Jambulani m'mamawa kapena madzulo mphepo itadekha, kutali ndi chigayo ndi msewu. Tsekani netiweki kuti foni isalire pakati pa nyimbo. Ikani foniyo pa nsalu, motalikira ngati mkono umodzi kuchokera kwa woyimba, ndipo ng'oma ikhale patali kuposa mawu. Yesani kaye pang'ono, mumvetsere, musanajambule nyimbo yonse. Kumene kuli kompyuta, pulogalamu yaulere ya Audacity imakwanira kudula ndi kukonza zimene mwajambula, ndipo sola yaing'ono imakwanira kutchaja foni.

Musanayambe, pemphani chilolezo kwa woyimba ndi kwa mfumu, ndipo mufotokoze momveka kumene nyimboyo ikupita. Pali nyimbo za kudambwe ndi za kutsimba zimene siziyenera kutuluka pabwalo. Eni ake akakana, nkhani yathera pomwepo. Kumayambiriro kwa chojambula chilichonse tchulani tsiku, mudzi, dzina la woyimba, dzina la choyimbira ndi mtengo umene adachipangira. Sungani makope atatu m'malo osiyana, limodzi likhale la woyimbayo. Hugh Tracey adayenda ndi makina olemera pa galimoto, najambula ku Tanganyika mu 1950 ndi ku Nyasaland m'zaka zomwezo za m'ma 1950, ndipo chifukwa chakuti ankalemba maina ndi malo, zojambula zakezo zikupezekabe ku International Library of African Music ku South Africa. Ku Chileka, Moya Aliya Malamusi adasonkhanitsa zoyimbira ndi nyimbo zambiri za kwathu mwa njira yomweyi. Kalabu ya alimi kapena ya achinyamata ingathe kuchita zomwezo m'dera lake.

Ogwira ntchito zachitukuko tili ndi chizolowezi chokumbukira oyimba pa tsiku la mwambo lokha. Timawapatsa mawu oti ayimbe okhudza manyowa, katemera kapena banki m'khonde, alendo akachoka timawapatsa botolo la zakumwa, basi. Mzinda wa Dar es Salaam ukuonetsa kuti woyimba ndi mmisiri ngati kalipentala kapena telala, ndipo ntchito yake ili ndi mtengo. Pokonza bajeti ya tsiku la chionetsero cha zaulimi, malipiro a gulu loyimba alembedwe pamodzi ndi a mafuta a galimoto. Mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji ndi wailesi ya Nkhotakota amafuna nyimbo za anthu awo. Apatseni zojambula zabwino, dzina la woyimba litchulidwe. Uthenga woyimbidwa ndi munthu amene anthu amamudziwa, pa choyimbira chimene adachimva ali ana, umakhala m'mutu nthawi yaitali kuposa pepala lomata pa mtengo.

Ntchito yofulumira koposa ndi ya amisiri okalamba. Banja la Zawose lidapulumutsa ilimba chifukwa mkulu uja adakhazika ana pansi n'kuwaonetsa posema bokosi, posula mano ndi pochuna. Chojambula chimasunga kulira kwa bangwe, koma manja okha ndiwo amasunga kapangidwe kake. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo wodziwa kupanga kaligo, mangolongondo kapena visekese, mupezereni achinyamata awiri kapena atatu, anyamata ndi atsikana omwe, oti aziphunzira kwa iye nyengo yokolola ikatha, ndipo komiti ione chomuthokoza nacho. Mvula ikagwa, dzalani mphonda m'mphepete mwa nkhokwe kuti zipanda zisasowe, ndipo pa nazale ya mudzi chaka chino musaiwale kufesa mlombwa ndi phingo.